Mutu 8: Webusaiti Iyambire pa Pepala

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amadziwa mmene msika wa Lizulu umamulandirira munthu. Galimoto isanaime n'komwe, maso aona kale milu ya kabichi, tomato wosanjidwa m'mabeseni, karoti wa m'mitolo ndi ndowa za kachewere zodzaza mpaka pakamwa. Palibe mayi amene amayala kutsogolo risiti ya msonkho wa pamsika kapena mbiri ya dimba lake. Amadziwa kuti wapaulendo ali ndi kamphindi kochepa, kondakitala wayamba kale kumenya chitseko, ndipo chimene munthu sanachione msanga sachigula. Mlendo wa pa webusaiti amakhalanso wotero, kungoti iye pochoka sadikira kondakitala. Chala chimodzi, wapita.

Nzeru imeneyi imasowa pa mawebusaiti ambiri a mabungwe, masukulu ndi mabizinesi athu. Mukatsegula, chokulandirani ndi chithunzi cha wapampando atavala suti, pansi pake uthenga wake wa ndime zinayi, kenako masomphenya a bungwe m'Chingelezi chokhuthala. Nambala ya foni, imene inu mwadzera, yabisala kumunsi kwenikweni, ndipo mukaiimba akukuuzani kuti siikupezeka. Ambiri amathamangira kunena mnyamata amene anaipanga. Ine ndimaona kuti zinalakwika kale, tsiku limene komiti inagwirizana kuti "nafenso tikhale nayo" popanda wofunsa kuti chinthucho chikagwira ntchito yanji.

Webusaiti yoyamba padziko lapansi inali ndi ntchito imodzi yokha. Tim Berners-Lee, yemwe ankagwira ntchito ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva, anaitsegulira anthu onse mu 1991, ndipo inkangofotokoza kuti World Wide Web n'chiyani komanso munthu angaigwiritse ntchito bwanji. Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi, mawu ndi malinki basi. Lero zinthu zinaphweka. Ndi WordPress, imene inayamba mu 2003, wophunzira wa Fomu 4 wodziwa kompyuta angaimike webusaiti madzulo amodzi. Kuphweka kumeneku ndiko kumanamiza anthu, chifukwa amayamba kusankha mitundu ndi zithunzi asanadziwe kuti akulankhula ndi yani.

Tiyerekeze kalabu ya alimi a kachewere cha ku Tsangano, kumapiri ozizira a m'malire mwa dziko lino ndi Mozambique. Apeza kangachepe ndipo akufuna webusaiti. Mukawafunsa mmodzimmodzi, wapampando akuti ikope mabungwe othandiza, msungichuma akuti ibweretse ogula, mlembi akufuna poika mfundo za misonkhano, ndipo mlimi wina wachitsanzo akuti iphunzitse anthu za matenda a chiwawu. Zonsezi n'zabwino. Koma akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Komitiyo isachoke pansi pa mtengo isanalembe chiganizo chimodzi chotchula munthu amene akumufuna ndi chimene munthuyo achite akafika. Mwachitsanzo: wogula kachewere wochuluka wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe adziwe kuti sabata ino tili ndi matumba angati, pa mtengo wanji, ndipo aimbire yani.

Chiganizo chimenecho chikalembedwa, mikangano yambiri imatha yokha. Za chiwawu alimi amamva kwa mlangizi ndi pa gulu lawo la WhatsApp, ndipo wogula wa ku Limbe sazifuna. Mfundo za misonkhano zikhale m'kabuku ka mlembi. Mabungwe othandiza angapatsidwe tsamba limodzi chamkati, lonena kuti kalabu inayamba liti, ili ndi mamembala angati ndipo inalembetsedwa kuti. Uthenga wa wapampando, pepani a wapampando, upite komweko.

Ntchito ikasintha, zoika kutsogolo zimasinthanso. Malo ogona alendo pa boma la Ntcheu, lomwe lili chapakati pa mizinda ikuluikulu iwiri ija, amafunidwa ndi dalaivala amene dzuwa lamulowera kapena ofesala amene akukonza msonkhano. Mafunso awo ndi odziwika: chipinda ndi zingati, madzi alipo, magetsi akazima mumatani, galimoto igona mumpanda, holo imalowa anthu angati. Kholo lotsegula webusaiti ya sukulu ya sekondale likufuna fizi, tsiku lotsegulira teremu, zoti mwana atenge ndi mmene anakhozera mayeso a MSCE chaka chatha.

Pali ntchito zina zimene zimayenda ndi nyengo. Wina atati akonze webusaiti ya Umhlangano, mwambo wa Angoni a kwa Maseko umene umachitikira ku Nkolimbo pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V, kawirikawiri kumayambiriro kwa Seputembala, angapeze kuti alendo ake ndi a mitundu iwiri. Mwambo ukayandikira, anthu ochokera m'mizinda ndi m'maiko oyandikana nafe akufuna tsiku, njira, kogona ndi ndondomeko ya zochitika. Miyezi ina yonseyo, obwera ndi ana asukulu ndi ofufuza, ofuna kudziwa za Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896, kapena za Philip Gomani amene anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953. Tsamba loyamba la webusaiti yotereyi liyenera kukonzedwa moti lizitha kusinthidwa mosavuta kawiri pa chaka, ndipo zimenezi zimanenedwa kwa womanga asanayambe.

Pali funso lina limene womanga sangakufunseni, chifukwa limamudyera ndalama: kodi webusaitiyo ikufunikadi? Wogulitsa zovala pa Kampepuza, amene makasitomala ake onse ali kale m'foni mwake, WhatsApp Business yam'kwanira. Tsamba la Facebook ndi laulere ndipo anthu ambiri ali kale kumeneko. Koma zonse ziwirizi zili ndi polekezera. Zimene mwalemba pa WhatsApp munthu wosakudziwani sangazipeze pa Google. Pa Facebook uthenga wa mitengo umakwiririka ndi mauthenga atsopano, malamulo ake ndi a eni ake, ndipo tsamba likabedwa kapena kutsekedwa, wokadandaulira ali kutsidya kwa nyanja. Webusaiti imathandiza pamene mukufuna kupezedwa ndi anthu amene sakukudziwani, ndiponso pamene wogula wamkulu, banki kapena bungwe likufuna kutsimikiza kuti mulipodi. Ngati zimenezi sizikukukhudzani, ndalamayo mugulire feteleza.

Foni ya mlendo wanu

Womanga webusaiti amagwira ntchito pa laputopu, mu ofesi ya intaneti yothamanga, ndipo pokuonetsani amakuonetsani pa sikirini yaikulu. Zonse zimaoneka zokongola. Mlendo wanu weniweni ali pa minibasi pakati pa Balaka ndi Chingeni, ali ndi foni ya Itel kapena Tecno yong'aluka galasi, netiweki ikubwera n'kumapita, bandulo yatsala pang'ono. Kuno kwathu anthu ambiri amafika pa intaneti kudzera pa foni, ndipo Google nayonso poyeza webusaiti imayang'ana mmene ikuonekera pa foni. Choncho chojambulidwa koyamba ndi cha pa foni, cha pa kompyuta chibwere pambuyo.

Nkhani ya bandulo ndi ya masamu. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimatha kulemera 3 MB. Mukaika zithunzi 10 zotere pa tsamba loyamba, mlendo walipira 30 MB asanawerenge liwu lililonse. Zithunzi zomwezo zikachepetsedwa kufika pa 150 KB chilichonse, zonse pamodzi ndi 1.5 MB, ndipo pa sikirini ya foni diso silisiyanitsa. Vidiyo yoyamba yokha munthu asanaipemphe ndi kuba mayunitsi a mnzako. Zithunzi zoyenda zosinthanasinthana pamwamba pa tsamba, zimene makomiti amazikonda kwambiri, zimachedwetsa tsamba, ndipo ndi ochepa amene amadikira kuona chachitatu. Palinso ambiri amene amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, imene sitsegula mawebusaiti ena. Munthu wotere kuti afike kwa inu wachita kugula bandulo ina, ndiye musamubwezere ndi tsamba losatseguka.

Ntcheu ili ndi chake chapadera. Kuyambira cha ku Biriwiri mpaka ku Lizulu msewu umayenda m'malire enieni, tsidya lina Malawi, tsidya lina Mozambique, ndipo malonda sadziwa malire amenewo. Wogula wa ku Ulongwe, tsidya la Mozambique, angatsegule webusaiti yanu ali ndi nambala ya +258. Choncho nambala yanu ilembedwe yonse, kuyambira ndi +265, ndipo mtengo unene poyera kuti ndi wa makwacha.

Kujambula ndi kusanja

Tengani pepala, mulidule kukula ngati foni yanu. Danga limenelo ndilo mlendo amaona asanayendetse chala kupita kumunsi, ndipo ndi lochepa kuposa mmene mumaganizira. M'dangamo muyenera kulowa dzina, chiganizo chimodzi chonena zimene mumachita ndi kumene muli, ndi batani limodzi la chinthu chimene mukufuna mlendo achite. Kwa alimi a ku Tsangano aja, batanilo ndi lotsegula WhatsApp ya wogulitsa. Fomu yolembapo dzina ndi uthenga imaoneka yaulemu, koma uthenga wake umakagwera mu imelo imene mwina palibe amaitsegula, pamene wogula kachewere akufuna yankho lorry isananyamuke.

Kenako lembani chilichonse chimene mukufuna chikhale pa webusaiti, chimodzi pa kapepala kake: mitengo, njira, zithunzi, mbiri, mayina a komiti, kalipiridwe, nyengo yokolola. Timapepalato mupatse munthu wakunja kwa bungwe, monga mphunzitsi wa pafupi kapena mwini golosale, atiunjike m'magulu mmene iye akuonera, ndipo gulu lililonse alipatse dzina. Apa pamatuluka zodabwitsa. Inu mumasanja zinthu potsata maofesi anu, za msungichuma pazokha, za mlembi pazokha, pamene wakunja amasanja potsata mafunso ake. Iye aika kalipiridwe pamodzi ndi mitengo, chifukwa wofunsa mtengo amafunsanso ngati mumalandira Airtel Money kapena Mpamba. Magulu amene atuluke ndiwo menu yanu. Akhale anayi kapena asanu. Akafika 10, ndiye kuti chiganizo chija mwachitaya.

Mayina a magulu akhale mawu amene mlendo amagwiritsa ntchito. "Mitengo" ikumveka. "Tipezeni" ikumveka. "Zothandiza" kapena "Zina ndi zina" ndi dengu lotayamo zimene komiti yalephera kugwirizana.

Tsamba la njira lifunika kulisamala kwambiri, chifukwa kumidzi kwathu kulibe mayina a misewu ndi manambala a nyumba oti mlendo n'kuwadalira, ndipo bokosi la ku positi ofesi silifikitsa lorry pa nkhokwe. Ikani chizindikiro cha malo anu pa Google Maps mutaima pamalopo, osati mongoganizira muli ku ofesi. Pansi pake lembani njira mmene mungamuuzire munthu pakamwa: akhotere pati kuchoka pa M1, ayende makilomita angati, aone chiyani, komanso ngati msewuwo umapitika nthawi ya dzinja ndi galimoto yaing'ono. Mfundo yomalizayi ambiri amaibisa poopa kuthawitsa ogula. Wogula amene watitimira m'matope chifukwa simunamuuze sabweranso.

Pa mitengo, chilichonse chikhale ndi muyezo ndi tsiku. Thumba la kachewere si limodzi, pali lina losokerera pamwamba lotalika kuposa mwana, ndiye nenani makilogalamu kapena kukula kwa ndowa. Tsiku limene mtengo unalembedwa lioneke pambali pake. Ndipo mitengo, fizi kapena ndondomeko ya zochitika zilembedwe ngati mawu pa tsamba lenilenilo. Chizolowezi chojambula pepala la pa bolodi n'kuliika ngati chithunzi, kapena kuika PDF, chimavutitsa wa foni yaing'ono, Google siwerenga bwino mawu a m'chithunzi, ndipo munthu wosaona amene foni imamuwerengera mokweza samva kanthu. Pa chifukwa chomwechi chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ochepa ochifotokoza.

Za chilankhulo anthu amakangana mosafunikira. Yankho lili m'chiganizo choyamba chija. Ngati mlendo ndi kholo la ku Kasinje kapena mlimi wa kwa Njolomole, lembani Chichewa. Ngati ndi wogula zinthu wa hotela ya mumzinda kapena bungwe lakunja, Chingelezi. Zilankhulo ziwiri n'zotheka, koma dziwani kuti mwadzisenzetsa mawebusaiti awiri, ndipo mtengo ukasintha uyenera kusinthidwa kawiri. Google Translate ili nacho Chichewa kuyambira mu 2014, koma zimene imatulutsa zimafuna munthu woziwerenga asanazione alendo. Ganiziraninso mawu amene wofufuza amalemba: wina alemba kachewere, wina mbatatesi, wina dzina la Chingelezi, ndipo onse atatu ayenera kupezeka penapake pa tsamba lanu.

Dzina, ndalama ndi mwini wake

Webusaiti ili ndi zolipira ziwiri zimene sizitha. Choyamba ndi domain, dzina limene anthu amalemba kuti akupezeni. Chachiwiri ndi hosting, malo a pa kompyuta ya kampani ina pamene masamba anu amasungidwa usana ndi usiku. Zonsezi ndi za lendi, ndipo zimalipiridwa chaka ndi chaka kapena mwezi ndi mwezi. Mayina othera ndi .mw ndi a dziko lino, ndipo pansi pake pali ena monga .co.mw a mabizinesi, .org.mw a mabungwe, .ac.mw a sukulu za ukachenjede ndi .gov.mw a boma. Dzina likhale lalifupi, loti mungalitchule pa foni kapena pa wailesi munthu n'kulilemba osafunsanso.

Makampani ambiri a hosting amalipiritsa m'madola. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wolipira m'madola anadzuka bilu itakwera asanasinthe kalikonse pa webusaiti yake. Bajeti ya chaka choyamba chokha ndi yonama. Werengerani zaka zitatu, musiyeko mpata, ndipo mudziwiretu kuti ndalamayo izichokera m'thumba liti komanso izilipiridwa ndi khadi la yani. Walira mvula walira matope.

Pamene mabungwe ambiri amagwera ndi pa umwini. Mphwake wa wapampando, yemwe anaphunzira za makompyuta, amadzipereka kuthandiza, amalembetsa domain m'dzina lake ndi imelo yake, ndipo mapasiwedi onse ali m'mutu mwake. Patapita zaka ziwiri wapita ku Joni, nambala wasintha, makalata okumbutsa za kulipira akupita ku imelo imene satsegulanso. Tsiku lina webusaiti yazima, ndipo dzina lija, lomwe linasindikizidwa pa zikwangwani ndi pa matumba, angaligule wina aliyense. Mnyamatayo sanabe kanthu, kungoti palibe anaganizapo. Domain ilembetsedwe m'dzina la bungwe, ndi imelo ya bungwe imene anthu osachepera awiri angathe kuitsegula. Mapasiwedi alembedwe n'kusungidwa kumene mumasunga buku la ku banki. Pangano ndi womanga, ngakhale ali wachibale, likhale lolemba: amanga masamba angati, amaliza liti, aphunzitsa yani kusintha mitengo, ndipo chikawonongeka chaka chamawa adzalipiritsa zingati. Muonetsetsenso kuti adiresi yanu ikuyamba ndi https. Chiphaso chake chimapezeka mwaulere kudzera ku Let's Encrypt, ndipo popanda icho asakatuli monga Chrome amachenjeza alendo kuti tsambalo si lotetezeka.

Malamulo nawo alipo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limafuna kuti ofalitsa zinthu pa intaneti adziwike kuti ndi ndani ndipo angapezeke bwanji, choncho dzina lenileni la bungwe ndi njira zolipezera zisasowe. Lamulo la Data Protection la 2024 limateteza mbiri ya anthu, monga mayina ndi manambala awo a foni. Chizolowezi choika pa intaneti mndandanda wa olandira thandizo, kapena zithunzi za ana amasiye pofuna kukhudza mitima ya opereka ndalama, chiyenera kuganiziridwa pa nthawi yokonzekera yomweyi. Funsani chilolezo, kwa ana funsani makolo kapena owalera, ndipo amene wakana musamuike.

Chotsala ndi munthu. Pa pepala lomwe lija, pambali pa tsamba lililonse, lembani dzina la amene azilisamalira ndi nthawi imene azilisintha. Mitengo ya kachewere, Lolemba lililonse, wakutiwakuti. Fizi, teremu isanayambe, a hedi kapena mlembi wawo. Tsamba limene lasowa dzina pambali pake lichotsedwe lisanamangidwe. Kawirikawiri loyamba kugwa pamenepa ndi la "Nkhani zatsopano", ndipo ndi bwino ligwe, chifukwa nkhani yatsopano ya zaka zitatu zapitazo imauza mlendo kuti bungwe linatha, ngakhale muli moyo ndithu.

Musanalipire gawo lomaliza la ndalama, yesani. Jakob Nielsen, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka mawebusaiti, analemba mu 2000 kuti anthu asanu okha amakwanira kuulula mavuto ambiri a webusaiti. Apezeni asanuwo pakati pa anthu ofanana ndi alendo anu, osati a m'komiti. Aliyense agwiritse foni yake ndi bandulo yake, pamalo pamene netiweki ndi ya masiku onse. Mupatseni ntchito imodzi: mupeze mtengo wa thumba, kenako mutitumizire uthenga. Inu khalani chete, manja kumbuyo, ngakhale chala chake chikupita kolakwika ndipo mtima ukukuyabwani. Lembani pamene waima, pamene wabwerera m'mbuyo, ndi mawu amene wafunsa tanthauzo lake. Atatu mwa asanu akasochera pamalo amodzi, bwererani kwa womanga ndi pepalalo, akonze pamenepo, kenako muitane asanu ena.